Ziwalo za m'Kabati ya Lamya ya Kuwala

Mphunzitsi amene adzatumizidwa kukagwira nchito ku Ligowe, m'boma la Neno, sadzatha chaka asanakomane ndi funso ili kuchokera kwa mwana wina wochenjera: "Aphunzitsi, kodi mau a achimwene anga amene ali ku Joni amadzera pati kuti afike m'foni ya amai?" Mphunzitsi wosakonzeka adzayankha monga timayankhira ambirife, kuti mauwo amadzera mumphepo, ndipo mwanayo adzakhala pansi. Yankho limeneli nloona, koma pa kachigawo kochepa kokha ka ulendowo. Mumphepo mau amayenda kuchokera pa foni kufika pa nsanja yachitsulo imene iri paphiri, mwina nadumphanso kuchokera pa nsanja imeneyo kunka pa inzache. Koma mtunda wonse wotsala, umene ndiwo waukulu, amayenda ali kuwala, m'kati mwa ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi. Ndipo pamene ulusi wambiri wotere ukomana pamakhala kabati yachitsulo, m'mene muli tizipangizo tolandira kuwalako, kukukuza, kukugawa ndi kukutumizanso. Za tizipangizo timeneti ndizo ndifuna kukamba nanu, inu amene mukukonzekera uphunzitsi, pakuti ndiyesa kuti chinthu chimene tingathe kuchitchula m'chinenero chathu tingathenso kuchiphunzitsa.

Ulusi wa galasi

Tiyambe ndi njira, tisanalowe m'nyumba. Ulusi uja, umene amisiri amautcha faiba, uli ndi mtima ndi khungwa monga mtengo, ndipo zonse ziwiri nza galasi. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, ulusi wonse kunenepa kwache ndi zigawo 125, ndipo mtima wache, m'mene mumayenda kuwala, ndi zigawo 9 zokha. Galasi la mumtima limasiyana pang'ono ndi la kukhungwa, kotero kuti kuwala kukafuna kutulukira kumbali kumabwezedwa m'kati, nikupitirira kutsogolo ngakhale ulusiwo ukhote. Ku mbali imodzi kuli kanyali kothima ndi kuyaka, ku mbali ina kuli kadiso koona kuthima ndi kuyakako. Uthenga wonse, kaya ndi mau, kaya chithunzi, kaya ndalama zimene mwana atumizira make za feteleza, umasandutsidwa kuthima ndi kuyaka kumeneku. Agogo athu anali kuchita zofananako ndi ng'oma, pakuti maliro anali ndi kaombedwe kao ndipo gule anali ndi kache. Chosiyana nchakuti kanyali kamakono, ngakhale kamene sikali kapamwamba, kamaphethira kokwana mabiliyoni 10 pa sekondi imodzi.

Nzeru yakuti kuwala kungatsate njira yokhota njakale. M'chaka cha 1842 Daniel Colladon wa ku Geneva analemba za kuwala kotsata madzi otuluka pa chiboo cha chotengera. Chimene chinavuta kwa zaka zoposa 100 chinali galasi lenilenilo. Galasi la masiku amenewo linali kumeza kuwala msanga, kotero kuti patangopita mamita 20 kunali kutsala gawo limodzi mwa magawo 100. M'chaka cha 1966, chaka chomwecho chimene makina oyamba a magetsi anayamba kuzungulira pa Nkula, Charles Kao ndi George Hockham, akugwira nchito ku Harlow m'dziko la England, anaonetsa kuti cholakwa sichinali m'galasi koma m'zitsotso zimene zinali m'galasimo, ndi kuti litayeretsedwa likhoza kunyamula uthenga mtunda wautali. Mu 1970 amisiri a kampani ya Corning ku Amereka anapanga ulusi wotere, umene unali kutsaza gawo limodzi mwa 100 patapita kilomita yathunthu. Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009.

Ulusi wa lero ngwoyera koposa apo. Kuwala kumatsala theka patapita makilomita ngati 15. Pano pali samu yabwino ya ana a makalasi apamwamba: pa makilomita 30 kwatsala gawo limodzi mwa 4, pa 45 limodzi mwa 8, pa 60 limodzi mwa 16, ndipo mwana akafika pa 105 adzapeza limodzi mwa 128. Samu imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo itiuza kuti kuwala nakonso kumatopa, ndipo kumafuna pothandizidwa panjira.

Dziko lathu liribe nyanja yamchere, chotero uthenga wathu wopita kutali umadalira anansi. Nthambo zazikulu za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, zimafika kumtunda m'madoko monga Maputo ndi Dar es Salaam, ndipo zathu zimakazipeza potuluka pa Mwanza kulowa m'Mozambique, pa Mchinji kulowa m'Zambia, ndi pa Songwe kulowa m'Tanzania. M'kati mwa dziko zina nzokwiriridwa m'mbali mwa miseu, zina nzokolekedwa pa mitengo ndi nsanja za magetsi. Mu 2017 boma linayamba nchito yoyala nthambo zolumikiza maboma a dziko lino, ndi ngongole yochokera ku China. Omanga anali a Huawei, osunga ndi a ESCOM, ndipo gawo loyamba linatha mu 2018. M'mwezi wa May 2024 nthambo ziwiri zija za m'nyanja zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo anthu a kuno, amene ambiri a iwo nyanjayo sanaione, anapeza intaneti yao ikukwawa ngati nkhono.

Habu

Malo okomanira nthambo Azungu amawatcha ndi liu limene wokonza njinga ali yense pa Ligowe alidziwa, ndilo habu. Habu ya njinga ndiyo pakati pa gudumu pamene masipoko onse akomana. Momwemonso habu ya lamya ndi nyumba kapena kabati pamene nthambo yaikulu yochokera kumzinda ifika, ndi pamene nthambo zing'onozing'ono zimwazikira ku nsanja, ku maofesi, ku zipatala ndi ku nyumba za anthu.

Kamangidwe kotere kanakula kwambiri m'nchito ya wailesi ya kanema yodzera m'nthambo, ndipo chiyambi chache munthu wa ku Neno adzachimva msanga. Cha m'ma 1948, ku Pennsylvania ndi ku Oregon m'dziko la Amereka, anthu a m'midzi ya kuseri kwa mapiri sanali kuona kanema chifukwa mapiri anali kutchinga. Ena ochenjera anaimika mlongoti pamalo okwera pamene kanemayo anali kufika, natsitsa waya wa mkuwa kugawira nyumba ndi nyumba. Nchito inakula kufikira mizinda yathunthu, koma mkuwa umatopetsa uthenga msanga, ndipo panafunika zokuzira zambirimbiri zondondozana, chiri chonse chikuonjezerapo phokoso lache. Chotero kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kuchotsa mkuwa m'njira zazikulu naikamo galasi. Kuchokera ku likulu uthenga umapita ku mahabu, kuchokera ku habu umapita ku kabokosi kapamtengo kotumikira nyumba mazana angapo, ndipo mkuwa unangotsala pa kamtunda kotsiriza kolowa m'nyumba.

Kuno kwathu kanema amafika mumphepo kapena pa mbale ya padenga, ndipo kamtunda kotsiriza ka uthenga wa m'foni nka mumphepo, kuchokera pa nsanja. Koma mukatsegula kabati ya kuno ndi ya kutsidya kwa nyanja mudzapeza kuti nza mtundu umodzi, ndipo nchito za m'katimo nzofanana.

Ndinaonetsedwapo kabati yotere ndi mmisiri wina, ndipo chimene chinandidabwitsa nchakuti simunali makina amodzi akulu monga a chigayo. Inali ngati khola la nkhunda, la zipinda zambiri zofanana m'mizere, ndipo m'chipinda chiri chonse munalowa kachipangizo kachitsulo kosololoka ngati dirowa, kena kokhala ngati buku loimirira, kena kakang'ono ngati chala. Kumbuyo kwa zipindazo kuli thabwa limodzi la mawaya limene tonse timalumako tikakankhidwa kufika kumapeto; pamenepo ndipo timalandira magetsi ndi kulankhulana. Amisiri amati module, ena amati kadi. Ine m'nkhani ino nditi chiwalo, popeza chiri chonse chiri ndi nchito yache imodzi, monga diso ndi khutu, ndipo palibe chimene chingathe kanthu pachokha.

Ziwalozo ndi nchito zao

Chiwalo choyamba kuchidziwa sichikhudza kuwala konse. Ndicho chodyetsa zinzache. Magetsi a m'mawaya a ESCOM ngosinthasintha, koma ziwalo za lamya zimafuna magetsi oyenda njira imodzi monga a batire, kawirikawiri a mavoti 48. Tsono pali chiwalo chosandutsa magetsiwo, chimene chimadzazanso mabatire akulu okhala pansi pa kabati kapena pambali. M'kabati yomangidwa bwino zodyetsa zimakhala ziwiri, kuti chimodzi chikafa chinzache chisenze katundu yense popanda munthu wa pafoni kuzindikira. Pafupi nazo pali zokupiza mphepo ndi kansalu kosefa fumbi. Tinthu timeneti timaoneka tachabe, koma kanyali kakatentha kamakalamba msanga, ndipo amene anayendapo m'miseu ya Neno m'mwezi wa October adziwa chimene fumbi lingachite.

Kenaka pali wotumiza ndi wolandira. Wotumiza ali ndi kanyali kaja, kamene kasandutsa uthenga wa magetsi kukhala kuwala. Wolandira ali ndi kadiso kamene kabweza kuwala kukhala magetsi. M'makabati a kanema wa m'nthambo awiriwa amakhala m'zipinda zosiyana, ndipo olandira amachuluka, chifukwa uthenga wopita ku nyumba zambiri ukhoza kukhala umodzi, pamene wobwerera uchokera ku dera liri lonse paokha. M'makabati ambiri a lero awiriwa anaphatikizidwa m'kachitsulo kamodzi kotalika ngati chala cha mkombaphala, kamene amisiri amakatcha SFP. Timasiyana mphamvu: kena nka makilomita 10, kena 40, kena 80. Mmisiri akaika ka makilomita 80 pa njira yaifupi, kadiso ka kutsidya kamathobwa monga munthu woyang'ana dzuwa, ndipo uthenga umaonongeka ngakhale kuwala kuli kochuluka. Kufuulira munthu m'khutu sikumthandiza kumva.

Wachitatu ndiye amene ine ndimamkonda koposa, wokuza kuwala. Kale kuwala kukatopa panjira kunali kusandutsidwa magetsi, kukonzedwa, ndi kusandutsidwanso kuwala, ndipo pa uthenga uli wonse panafunika makina ache. Mu 1987 akatswiri a ku Southampton, motsogozedwa ndi David Payne, ndi ena a ku Bell Laboratories ku Amereka, anaonetsa njira ina. Anatenga ulusi wotalika mamita angapo wothiridwa pang'ono chitsulo chosowa chotchedwa erbium, naukulunga m'kabokosi. Kanyali kena kamphamvu kamaunikira ulusiwo kosalekeza, kuukhutitsa mphamvu. Tsono kuwala kotopa kuja kukadutsamo kumatenga mphamvuyo, nikutuluka kuli kowala kwambiri, uthenga wache uli womwewo. Kuli ngati muuni umene uli pafupi kuzima ukadutsa pa udzu wouma. Zokuza zotere zimaikidwa pa makilomita 80 kapena 100 ali onse pa njira zazitali. Erbium ngwa m'banja la zitsulo zosowa zija zimene miyala yache imapezeka pa phiri la Kangankunde ku Balaka, boma loyandikana ndi Neno. Dzina lache linachokera ku mudzi wa Ytterby ku Sweden.

Wachinai ndi wosanja mitundu. Ana onse adziwa utawaleza, ndi kuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri m'kati mwache. Ulusi umodzi ukhoza kunyamula mitundu yambiri nthawi imodzi, mtundu uli wonse ndi uthenga wache, osasokonezana. Ku mbali yotumiza chiwalo ichi chimasonkhanitsa kuwala kwa tinyali 40, kapena 80, kapena kuposa, kulowetsa mu ulusi umodzi. Ku mbali yolandira chinzache chimalekanitsa, mtundu uli wonse pa khomo lache. Phindu lache nlalikulu ku dziko losauka. Kukumba ngalande ya nthambo kapena kuikoleka pa mitengo ndiyo nchito yodya ndalama; koma ikayalidwa kamodzi, anthu akachuluka sipafunikanso khasu, pangofunika kulowetsa chiwalo cha mtundu wina m'chipinda chimene chinali chopanda kanthu, kuno ndi uko. Tikati mitundu tikungobwereka liu, pakuti kuwala kumeneku diso la munthu silikuona. Kuli kuseri kwa kufiira. Amisiri amakutchula ndi manambala, monga 1310, 1490 ndi 1550, amene ali muyeso wa utali wa funde lache.

Wachisanu ndi wogawa, ndipo iye sadya magetsi. Ndi kagalasi kamene kalandira ulusi umodzi nikatulutsa 8, 16, 32 kapena 64. Olima m'madimba adzamva msanga: ngalande imodzi yochokera kumtsinje ikagawidwa kwa anthu ambiri, yense amalandira madzi ochepa, ndipo wa kumapeto ndiye amayamba kudandaula. Chifukwa chache njira yogawidwa chotere siipitirira makilomita ngati 20. Uthenga wotsika umafika ku nyumba zonse, ndipo kabokosi ka m'nyumba iri yonse kamatola wache wokha, umene uli womangidwa ndi mfungulo yache. Koma wokwera ngwovuta, popeza nyumba 32 zikayankhula pamodzi mu ulusi umodzi palibe chomveka. Apa chiwalo cha m'habu chotchedwa OLT chimachita monga nyakwawa pa bwalo la milandu: chimapatsa yense kanthawi kache koyankhulira, wina akatha wina nayamba, ndipo chimayamba chayeza mtunda wa nyumba iri yonse kuti wakutali ayambe msanga pang'ono, mau ache afike pa nthawi yache.

Pali chiwalo chinanso chosankhira uthenga njira monga kalaliki wa pa positi ofesi, ndi china cholondera njira ziwiri, chimene nthambo ya kum'mawa ikaduka chimakhotetsera uthenga ku ya kumadzulo munthu asanaphethire. Ichi chimathandiza pokhapo pamene njira yachiwiriyo iripo. Malo a kumapeto kwa nthambo imodzi yokha ali ngati mudzi wa mlatho umodzi m'nyengo ya dzinja.

Wotsiriza ndiye kapitao. Iye sanyamula uthenga wa munthu ali yense; nchito yache ndi kuyang'anira anzache. Amadziwa kutentha kwa m'kabati, mphamvu yotsala m'mabatire, kuwala kumene kukulowa ndi kutuluka pa khomo liri lonse, ngakhale chitseko chikatsegulidwa. Zonsezi amazinena kwa amisiri okhala pa makompyuta kumzinda, amene angaone kuti kanyali kakuti kayamba kufooka kasanafe.

Chifukwa ninji ziwalo?

Wina angafunse kuti, bwanji osapanga makina amodzi olimba ochita zonse? Yankho liri pamseu. Neno linakhala boma palokha mu 2003, litapatulidwa ku Mwanza, ndipo ndi dziko la zitunda ndi mitsinje, kumene ulendo wa m'dzinja suwerengedwa ndi makilomita okha. Makina amodzi akulu akafa, pafunika galimoto lowanyamula kunka nao kumzinda, ndipo dera lonse likhala chete kufikira atabwera. Koma chiwalo chikafa, kapitao wanena kale kuti ncha m'chipinda chakuti. Mmisiri amatenga chinzache m'thumba, nakwera njinga yamoto, nasolola chakufacho pamene zinzache zikugwirabe nchito, nalowetsa chatsopano. Nchito ya sabata yatha pa mphindi zochepa. Ndiponso eni kabati sagula zonse tsiku limodzi. Amagula ziwalo za anthu amene alipo lero, nasiya zipinda zina zikudikira.

Komatu kamangidweka kali ndi chilema chache, ndipo tisabise. Palibe chiwalo ngakhale chimodzi mwa izi chimene chimapangidwa m'dziko muno, ndipo chikafa sichikonzeka pansi pa mtengo monga wailesi kapena njinga. Chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kawirikawiri chiwalo cha kampani ina sichilowa m'kabati ya kampani inzache, kotero kuti amene anakugulitsa khola ndiye adzakugulitsanso nkhunda. Ana amene tikuwaphunzitsa ayenera kumva mbali iyinso.

Adani a kabati ndi nthambo ngodziwika. Woyamba ndi kuzima kwa magetsi. M'January 2022 namondwe Ana anaononga pa Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati ngati 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'masiku otere kabati imakhala ndi moyo malinga ndi mabatire ndi mafuta a jenereta, ndipo zinthu ziwirizi ndizo akuba amazikonda. Wachiwiri ndi khasu la munthu wosadziwa, ndi makina okonza mseu. Wachitatu ndi moto wa kutchire wa osaka mbewa, umene umanyambita mitengo ndi nthambo zokolekedwa. Wachinai ndi wakuba wofuna mkuwa, amene amadula nthambo usiku napeza galasi losagulitsika ngakhale tambala imodzi, koma atatseka pakamwa pa chipatala, pa sukulu ndi pa msika. Adani atatu otsirizawa anakhalapo ana a sukulu, ndipo anakhala pamaso pa mphunzitsi wina.

Nthambo ikaduka amisiri sayenda mtunda wonse kuifunafuna. Amaima pa habu ndi chipangizo chimene chimaponya kuwala mu ulusi nichidikira kuti kubwerere, monga mnyamata wofuula kuphiri namva mau ache akubwera. Mu ulusi kuwala kumathamanga makilomita ngati 200,000 pa sekondi. Kukabwerera patapita gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, kwayenda makilomita 20 kupita ndi kubwera, ndiye kuti poduka pali pa makilomita 10. Akafika pamalopo amasenda nsonga ziwirizo, nazidula molunjika, naziika m'kamakina kamene kamazilunjikitsa mtima ndi mtima ndi kuzisungunula pamodzi ndi kamphezi kakang'ono. Nthambo imodzi ikhoza kukhala ndi ulusi 24, 48 kapena 96, ndipo uli wonse ulumikizidwa paokha. Nchifukwa chache chikwanje chimodzi chimagoneka amisiri kutchire.

Za maina

Popeza magazini ino nja maphunziro a chinenero, tiime pang'ono pa mau. Njira zopezera dzina la chinthu chachilendo ziripo zitatu, ndipo makolo athu anazigwiritsa zonse. Anabwereka, monga sukulu, buku ndi batire. Anatenga liu lakale nalipatsa katundu watsopano, monga nsanja, imene inali ya mlonda wa m'munda woingitsa anyani, ndipo lero iri ya foni. Kapena anatchula chinthu ndi nchito yache, monga chigayo ndi chopukutira. M'nkhani ino ndatsata kwambiri njira yachitatu, chifukwa mwana akamva kuti wogawa kapena wokuza wamva kale theka la phunziro, pamene akamva EDFA wangolandira zilembo zinai zoloweza.

Sindikunena kuti tikane mau obwereka. Habu ndi liu lathu tsopano, faiba ndi netiweki zalowa kale m'kamwa mwa anthu, ndipo mphunzitsi wolimbana nazo adzangodzitopetsa. Mwana amene adzakhala mmisiri adzafunanso maina a Chingerezi, popeza ndiwo olembedwa pa ziwalozo. Koma kubwereka kufuna maso. Kanyali kaja Azungu amakatcha laser, ndipo tikalemba liu limeneli monga limvekera m'makutu mwathu lidzakhala leza. Tsono Leza ndi dzina lakale la Mulungu, lomwe lija liri mu utawaleza, uta wa Leza. Mphunzitsi wolemba pa bolodi kuti leza wafa, ndipo amisiri abwera ndi wina mawa, adzakhala ndi mlandu ndi agogo a anawo. Ine ndikadakonda kuti tizinena kanyali, ndipo pofunika dzina la Chingerezi tililembe monga eni ache alilembera.

Liu lakuti chiwalo nalonso liri ndi polumala. Chiwalo cha thupi sichisololedwa ndi kulowetsapo china, pamene ubwino wonse wa module uli pa kusololokako. Mnzanga wina anati tizinena dirowa, wina anati chipinda, koma chipinda ndi malo olowamo, si cholowacho. Mukapita ku sukulu zanu mufunse ana ndi akulu omwe, makamaka okonza njinga ndi mafoni, pakuti iwo ndiwo amabala mau otere, ndipo mutilembere chimene mudzamva.

Phunziro la botolo

Simudzakhala ndi kabati yoti muonetse ana, ndipo musawatengere ku mpanda wa nsanja popanda chilolezo cha eni ache. Koma chinsinsi cha ulusi chikhoza kuoneka m'kalasi mopanda mtengo. Tengani botolo lapulasitiki loonekera m'kati, mulibowole ndi msomali pambali chakumunsi, mutseke chibowocho ndi chala, nimulidzaze madzi. Kulungani botolo ndi pepala lakuda kapena nsalu, kusiya chibowo ndi kampata kena kuseri kwache moyang'anizana nacho. Tsekani mazenera, kapena chitani madzulo. Mwana mmodzi aunike ndi tochi pa kampatako, wina achotse chala, wachitatu atchere dzanja pamene madzi akugwera m'beseni. Adzaona kadontho ka kuwala pa chikhato chache, pansi, kumene tochi siinaloze. Kenaka wa tochi aziphimba ndi kuvundukula, mutapangana kuti kuphethira kamodzi ndi inde ndipo kawiri ndi iai, ndipo kalasi ifunse mafunso.

Ziwalo mukhoza kuziseweretsa pabwalo. Mwana mmodzi akhale wotumiza, wina wolandira kutsidya kwa bwalo, pakati paime wokuza amene abwereza mokweza chimene wamva monong'ona, ndipo kapitao aziyendera onse ndi kope. Mukatulutsa mmodzi mwadzidzidzi, kapitao anene msanga amene wasowa, ndipo wina wa pabenchi alowe m'malo mwache masewera osaima.

Chenjezo limodzi mulinene kawiri. Mwana akapeza nthambo yoduka m'mbali mwa mseu kapena yolendewera pamtengo, asaigwire, popeza sangadziwe ngati iri ya lamya kapena ya magetsi, ndipo tizidutswa ta galasilo timalowa m'khungu ngati chitedze. Koposa zonse asasuzumire kunsonga kwache kuti aone kuwala kumene aphunzitsi ananena. Sadzaona kanthu, chifukwa kuwalako nkosaoneka, koma kukhoza kutentha m'kati mwa diso iye osamva kuwawa. Akauze mphunzitsi kapena amfumu, ndipo iwo atumize mau kwa eni nthambo, natchule malowo ndi nambala yolembedwa pa mtengo woyandikira, ngati iripo.